Mutu 6: Ife Kuno Tili Bwino

1. Dzanja la atate ake

Pasukulu yonse ya kwawo ku Chiparamba panalibe mwana wodziwa kulemba kalata ngati Tamiwe Miti. Chaka chimenecho cha 1996 anali m'giledi 9. Adiresi ankaiika kumanja pamwamba, deti pansi pake, moni pamalo pake. Aphunzitsi akafuna chitsanzo ankangoti, "Tamiwe, imirira uwerenge yako."

Luso limeneli analitengera kwa atate ake, malemu a Jonah Miti, amene anali mphunzitsi wophunzira ku mishoni. Iwo ankakonda kunena kuti kalata ndi munthu, isamatuluke m'nyumba isanasambe. Tamiwe anawasunga mawu amenewa, ndipo tinene zoona, ankadzimva nawo. Mnzake akamupatsira kapepala m'kalasi kakuti "Tami ndibwereke lula", iye ankayamba wakonza zilembo, kenako n'kupereka lulayo.

Koma masiku amenewo si uthenga wonse unkayenda ndi sitampa. Anthu ofulumira ankang'amba pepala m'kope, n'kulemba mawu awiri atatu, n'kupatsa kondakitala wa basi ya ku Lusaka. Timapepala timeneti tinalibe deti, tinalibe adiresi ya wolemba, nthawi zina ngakhale moni. Munthu ankalemba monga akulankhula ndi mnzake pampanda: "Nyemba zafika? Thumba ubweze." Yankho linkabwera ndi basi yomweyo pobwerera.

Tamiwe ankati amenewo si makalata, ndi kukuwa chabe.

Mlongo wake wamkulu, Bizwell, anali kalaliki m'sitolo ina ku Lusaka. Kumeneko anakwatira Cynthia, mtsikana wotayipa mu ofesi, osauza ankhoswe akumudzi. Atabwera naye kudzamuonetsa, amayi awo, a Mainess, anapsa mtima. Mawu anatuluka ambiri, ndipo omaliza anali akuti, "Poti wadzikulira wekha, usadzapondenso pakhomo pano."

Bizwell anamvera. Zaka ziwiri zinadutsa osaponda. Sopo ndi shuga ankatumiza ndi kondakitala, pamodzi ndi kapepala ka Tamiwe, koma mwini wake ayi. Amayi nawonso ankamwa tiyi wa shugayo osafunsa kuti wotumizayo ali bwanji. Anali ouma mutu mofanana anthu awiriwa, ndipo ankasowana kwambiri.

Panalinso kanthu kena kamene Tamiwe yekha ankakumbukira. Pa ulendo uja anamva Cynthia akuseka kapepala kakumudzi kamene anakapeza m'jekete la mwamuna wake. "Anthu akuno amalemba ngati akuitana mbuzi," anatero Cynthia, mwina mongocheza. Wonenayo anaiwala tsiku lomwelo, koma Tamiwe kanamukhala mumtima.

2. "Ulembe momwe ndinenere"

Mvula itatsala pang'ono kugwa, a Mainess anadwala. Miyendo inatupa, mpweya unkawathera akangoyenda kufika pankhokwe. Anagonekedwa kuchipatala ku Chipata, kenako anabwerera kunyumba ndi mapilitsi. Mkulu wawo, a Ketilina, amene Tamiwe ankawatcha amayi aakulu, anachoka kwawo ku Tamanda n'kubwera kudzawadwazika.

Tsiku lina masana a Mainess anagona pamphasa pakhonde, a Ketilina akusenda mtedza pambali. Tamiwe anali atangofika kuchokera kusukulu.

"Tamiwe, tenga pepala," anatero amayi. "Ndifuna ulembere mlongo wako."

Tamiwe anathamangira cholembera asanavule ndi yunifolomu yomwe. Mawu amenewa anali atawadikira nthawi yaitali.

"Ulembe momwe ndinenere," anatero a Mainess. Anapuma kaye, kenako anayamba kulankhula akuyang'ana kunjira, ngati Bizwell waima pomwepo.

"Iwe Bizwell, ndine amako. Bwera. Thupi landithawa ili, Khirisimasi sindiiona. Zija ndinanena zija zitaye, unali mkwiyo chabe. Ubwere naye mkazi wakoyo ndimuone bwino, tsiku lija sindinamuyang'ane n'komwe. Usati mawa. Bwera mwana wanga, ndakusowa. Basi."

"Basi, amayi? Nanga moni?"

"Moni adzandipatsa akafika."

"Koma kalata siyamba choncho," anatero Tamiwe. "Ndikailembe bwinobwino patebulo m'nyumba."

A Ketilina anakankhira lichero pambali.

"Tamiwe, ima kaye. Ine maso anatha, zimene ulembe sindingazione, ndiye unditchere khutu. Atate ako ndinawadziwa iwe usanabadwe. Ankalemba makalata a ku boma, makalata a ku mishoni, ovala jekete ndi tayi. Ankayenera kutero, chifukwa wopita kwa bwana amasamba. Koma tsiku limene unabadwa iwe, kapepala kamene ananditumizira kanangoti, 'Mlamu, wabwera, ndi wamkazi, thamangani.' Khasu ndinalisiya m'munda momwemo.

"Pali kalata yowerenga ndi maso, mwanawe, pali ina yomva ndi makutu. Iyi ya amako ndi ya makutu. Mlongo wako akaitsegula amve mawu a mayi wake, ndi kupuma kwawo komwe, osati mawu a aphunzitsi ako. Nyumba ikamapsa, munthu sayamba ndi 'mwaswera bwanji'. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, ndipo amako lero achitsegula chitseko chimene anachitseka okha. Iwe usachitsekenso ndi ulemu wakowo. Usathiremo mchere, usachotsemo kanthu. Ukachita zako udzalira, ndipo madzi akatayika saoleka."

"Ndamva, amayi aakulu," anatero Tamiwe.

Anamvadi, koma ndi khutu limodzi.

3. Kalata yosamba

Patebulo la atate ake Tamiwe anayamba bwino. Analemba kuti, "Iwe Bizwell, ndine amako. Bwera." Kenako anaima n'kuyang'ana mzerewo.

Unamuonekera wamaliseche. Ndipo kalata ikafika ku Lusaka, woyamba kuigwira mwina adzakhala Cynthia. Tamiwe anakwinya pepalalo, n'kutenga lina loyera, n'kujambula mzere wa m'mbali ndi lula. Analemba adiresi, analemba deti, kenako analemba motere:

"Okondedwa alongo anga, ndili wokondwa kwambiri kupeza mpata uno wokulemberani kalatayi. Choyamba ndifuna kudziwa za moyo wanu pamodzi ndi alamu. Ngati muli bwino, tithokoza Mulungu. Ife kuno tili bwino, kupatula amayi amene sakupeza bwino pang'ono m'thupi. Cholinga cha kalata ino ndi kukupemphani kuti mukadzapeza mpata wabwino mudzatichezere. Amayi akupereka moni. Ndine mlongo wanu wokukondani, Tamiwe."

Amene anakulira kuno anganene kuti munalibe bodza lalikulu m'menemo. Kwathu kuno munthu ali pafupi kutsirizika timati ali bwino pang'ono, ndipo kalata iliyonse imati "ife kuno tili bwino" ngakhale nkhokwe itapsa dzulo lake. Aphunzitsi akanaiona akanapereka mamakisi onse. Kungoti a Mainess munalibemo.

"Walemba zonse?" amayi anafunsa atamuona akumata envulopu.

"Ndalemba, amayi."

"Ndi zoti abwere ndi mkazi wake zomwe?"

"Zonse, amayi."

A Mainess anamwetulira, kumwetulira kumene anthu apakhomopo anali atakuiwala. Tamiwe anayang'ana kumbali.

M'mawa mwake analawirira pa njinga kupita ku Chipata. Pasiteshoni anapeza a Tomasi, kondakitala amene ankabweretsa shuga wa Bizwell, akukweza matumba pamwamba pa basi. Anailandira envulopuyo n'kuitembenuza uku ndi uku.

"Yomata ndithu, ya adiresi ndi kumbuyo komwe," anaseka a Tomasi. "Kodi mukufunsira ntchito kwa alongo anu?"

Anaiika m'thumba la malaya pakati pa timapepala ta anthu ena, topinda panayi, tina tothimbirira ndi mafuta a vitumbuwa. Tamiwe ananyadira poona kuti yake ndiyo inali yoyera kuposa onse.

4. Yankho

Kunyumba a Mainess anasanduka munthu wina. Analamula kuti chipinda cha Bizwell chisesedwe. Anauza a Ketilina kuti agwire tambala wawo wofiira am'mange mwendo pamtengo wa mango, asapite kutali. Galimoto ikangolira kumsewu ankadzutsa mutu, ikapitirira ankaugonekanso.

Lachisanu Tamiwe anapita ku Chipata kukatenga mapilitsi, ndipo anadzera pasiteshoni. A Tomasi anamupatsa paketi ya shuga ndi kapepala kopinda. Bizwell munalibe m'basimo.

Atafika kunyumba anapeza amayi atagona m'chipinda, mpweya ukuvuta kuposa m'mawa.

"Ali kuti?" anafunsa a Mainess.

"Atumiza kalata, amayi."

"Werenga."

Tamiwe anatambasula kapepalako. Bizwell analemba ndi pensulo, kuseri kwa pepala la m'sitolo.

"Tami, ndalandira. Mtima unagunda poona envulopu, ndimati kwagwa zovuta. Poti muli bwino ndapuma. Kuno ntchito yachuluka, abwana sangandimasule popanda chifukwa chachikulu. Ndiyesa pa Khirisimasi."

Tamiwe analekera pomwepo, ngakhale panali mizere ina pansi pake.

A Mainess anayang'ana kudenga nthawi yaitali.

"Khirisimasi," anatero motsitsa. "Ine ndamuuza kuti Khirisimasi sindiiona, iye akuti Khirisimasi. Ndiye kuti akadali nazo kukhosi."

"Amayi, mwina..."

"Mlekeni. Wolakwa ndine, ndinam'thamangitsa ndi pakamwa panga." Anatembenukira kukhoma pang'onopang'ono. "Akulu, tambala uja mum'masule. Akuzunzika chabe."

A Ketilina anaimirira. Anam'gwira Tamiwe pamkono n'kutuluka naye kuseri kwa nyumba.

"Watiwerengera theka," anatero. "Maso ndilibe, koma ndamva pamene mawu ako anaphunthwa. Malizitsa."

Tamiwe anawerenga mizere yotsala. "Ndiyesa pa Khirisimasi, ngati pakhomopo ndikuloledwa. Shuga uyo. Amayi angopereka moni basi? Sananene china?"

"Mwana amene wauzidwa kuti bwera safunsa ngati akuloledwa," anatero a Ketilina. "Unalembamo chiyani m'kalata ija?"

Tamiwe anaulula zonse akulira. A Ketilina sanam'kalipire, ndipo bwenzi zili bwino akanam'kalipira. Anangokhala pamtondo wogubuduzika n'kugwira tsaya.

"Mwana wa mng'ono wanga, taona chimene wachita. Uko mlongo wako akuti amayi sanandikhululukire. Kuno amako akuti mwana wanga wandikana. Onse awiri akulira, ndipo palibe amene walakwira mnzake sabata ino. Anakutuma kuti ukhale njira, iwe wasanduka mpanda. Sukulu ndi yabwino, ine sindikana. Koma inakuphunzitsa kulemba kuti anthu azimvana, osati kuti azikutama. Lowa ukawauze amako."

"Ndikuopa, amayi aakulu. Ndiyambe ndalemba ina, ndikaipereke, ndidzawauze pobwera."

"Wayambanso za mawa," anatero a Ketilina. "Thamanga tsono."

Tamiwe anang'amba pepala pakati pa kope la masamu. Sanafune tebulo, sanafune lula. Anatsamiritsa pepalalo pa chishalo cha njinga n'kulemba mawu onse monga anatulukira m'kamwa mwa amayi ake, kuyambira "Iwe Bizwell, ndine amako" mpaka "Basi". Anali kuwakumbukira onse, palibe limene linatayika.

Anapalasa kubwerera ku Chipata dzuwa likupendeka. A Tomasi anawapeza akutsuka basi yonyamuka m'mamawa. Kapepalako kanali kosamata, ndipo maso awo anagwera pa mzere woyamba. Nthabwala zonse zinawathera.

"Aka ndikapereka m'manja mwawo ndisanamwe ndi madzi omwe," anatero.

Pamene Tamiwe ankafika kunyumba, amayi anali atasiya kulankhula. Anagwada pafupi ndi mphasa, n'kuika pakamwa pake pakhutu pawo.

"Amayi, a Bizwell sanakukaneni. Ndine sindinalembe zimene munanena. Iwo sakudziwa. Tsopano ndalemba, akubwera."

Maso a amayi anali otsegula, akuyang'ana kuchitseko. Ngati anamva kapena sanamve, palibe amene angadziwe. Chimenechi ndicho chimapweteka koposa m'nkhani yonseyi.

5. Basi ya Lamulungu

A Mainess anatsirizika Lamulungu m'mawa, belu la kutchalitchi likulira.

Madzulo a tsiku lomwelo anthu awiri anaoneka akutsika panjira ya kumsewu, akuyenda mothamanga. Anali Bizwell ndi Cynthia. Kapepala kaja anakalandira Loweruka madzulo, ndipo anakwera basi yoyamba osapempha n'komwe kwa abwana. Cynthia anali atanyamula bulangete latsopano la apongozi ake.

Atayandikira, anamva nyimbo ya amayi a Chigwirizano ndipo anaona mipando itatulutsidwa panja. Bizwell anaima. Chikwama chinagwa chokha m'manja mwake.

"Amayi, ndabwera," anatero, akulankhula ndi chitseko. "Munati ndibwere, ndabwera."

Amuna awiri anam'gwira n'kum'lowetsa m'nyumba. Cynthia analowa chogwada pakati pa azimayi, ndipo bulangete lija analifunditsa maliro. Analira ngati mwana wobadwira pakhomopo.

Pambuyo pake Cynthia anam'peza Tamiwe kuseri kwa khitchini, n'kum'kumbatira.

"Mlamu, kapepala kaja ndinayamba kuwerenga ndine," anatero. "Nditangoona mzere woyamba ndinati, awa ndi amayi akulankhula, tiyeni. Sindinawamvepo akundiitana, koma m'menemo ndinawamva. Zikomo kuti unalemba momwe ananenera."

Munthu amene Tamiwe ankamuopa kuti adzaseka uja ndi ameneyu.

6. Pansi pa mango

Maliro ataikidwa ndipo anthu atayamba kubalalika, Bizwell anam'itana Tamiwe. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, pamene chingwe cha tambala uja chinali chikadalendewera. A Ketilina anali chapafupi, akutsuka mbale za pamaliro.

Bizwell anatulutsa mapepala awiri m'thumba, envulopu yoyera ija ndi kapepala ka m'kope la masamu. Kapepalako kanali katayamba kale kung'ambika m'mopinda chifukwa chotsegulatsegula.

"Tami, tatsala awiri," anatero. "Ndakambirana ndi alamu ako. Ukalemba mayeso tikutenga, ukapitirize sukulu ku Lusaka. Uli ndi dzanja la atate, lisathere kuno."

"Zikomo, alongo," anatero Tamiwe, mawu ali pansi.

Bizwell anasalaza kapepala kaja pabondo. "Ndikawerenga aka ndimawamva, ngati aima apa. 'Ndine amako.' Ndani wina angalankhule choncho?" Anaseka pang'ono, misozi ikutsika. Kenako nkhope inasintha, ndipo anakweza envulopu ija.

"Koma chimene chikundidya ndi ichi. Bwanji anadikira mpaka mpweya womaliza? Akanati anene mawu amenewa m'kalata yoyambayi, ndikanawapeza akulankhula. Ndikanagwada, akanandigwira pamutu. Koma anangondipatsa moni ngati mlendo wodutsa. Ndinagona nayo kalata iyi ndikufunafuna liwu limodzi loti mwana wanga, osalipeza. Amayi anali ouma mtima, Tami. Anandilanga mpaka kumanda."

Tamiwe anayang'ana zala za kumapazi kwake. Kungokhala chete kunali kokwanira. Amayi sakanatha kudziyankhira, ndipo Lusaka anali atatsegula chitseko.

Phokoso la mbale linaleka. A Ketilina anapukuta manja pachitenje, n'kubwera pang'onopang'ono mpaka anaima pakati pa ana awiriwo.

"Bizwell, amako agona dzulo lomweli, dothi silinaume. Usawasenzetse katundu amene si wawo. Anali ndi zolakwa zawo, ine mkulu wawo ndikuzidziwa, koma ichi ayi. Tsiku la kalata yoyambayo ine ndinali pakhonde paja, ndipo ndinamva ndi makutu anga zimene ananena."

Bizwell anayang'ana a Ketilina, kenako anayang'ana mapepala awiri aja. Onse anali olembedwa ndi dzanja limodzi.

"Tamiwe," anatero a Ketilina mofatsa, "umuuza ndiwe, kapena ndimuuze ine?"

Bizwell anatembenuka n'kuyang'ana mlongo wake. Panalibe tebulo, panalibe lula, panalibe pepala lina loyera loti ayambirenso. Tamiwe anadzutsa mutu, n'kuyamba kumuuza.